Kagalasi Koonera Kumbuyo

Masekondi asanu ndi anayi.
Ndinawawerenga ndekha nditaima pa maloboti ku Mapo,
chipale chofewa chikusungunuka pagalasi:
Pyo Da-on akutuluka pabwalo la ndege la Incheon,
mayi wachikulire akumuweramira, maluwa ali m'manja,
iye n'kungodutsa, khosi lili gwa,
ngati mtengo wa mawaya a magetsi.

Tambala asanalire mlandu unali utazengedwa kale.
Oweruza zikwizikwi, aliyense ndi chala chake,
wina m'sitima yapansi panthaka, wina m'bulangete,
wina akudikira kuti madzi a supu awire.
Amene dzana ankagona pamzere wa matikiti
ndiwo anatumiza nkhata zamaliro ku ofesi,
zoyera mbee, dzina lake lili pa riboni,
mwiniwake ali moyo kumbuyo kwanga,
akudya dzira limodzi lowiritsa, mgonero wake wonse.

Ine ndine dalaivala wake, chaka chachinayi chino.
Ndikudziwa lamba wachitsulo anali kunsi kwa jasi lija.
Dokotala anati msana usapindike milungu isanu ndi umodzi.
Akampani anati pakamwa pasatseguke,
matikiti a ku Osaka agulidwa kale.
Kalata yopepesa anailembera pabondo, m'galimoto muno,
katatu konse, poti loya anati
yoyambayo sinamveke kulira mokwanira.

Koma musathamange kumuveka chisoti.

Chaka chatha munamutcha mngelo
chifukwa cha malasha amene anagawira okalamba akuphiri.
Nkhaniyo anaimvera pafoni, ngati inu nomwe.
Anafunsa manijala kuti, phiri lake liti?
Ine ndi amene ndinasenza malashawo,
msana wanga ukukumbukabe masitepe aja.

Ndipo tsiku limene mayi anga anatsikira kulichete ku Mokpo,
nditamuuza, anachotsa kachingwe kukhutu limodzi,
n'kuti: ndiye mawa andiyendetsa ndani?
Palibe kamera inali pamenepo.
Palibe nkhata inabwera.
Mpaka lero sindikudziwa ngati amadziwa
kuti dzina langa ndi Gong Man-sik.

Mwamukwapula pa chimene sanalakwe,
munamuombera m'manja pa chimene sanachite,
ndipo cholakwa chake chenicheni
chili ndi ine ndekha, m'thumba la malaya,
pamodzi ndi malisiti a mafuta.

Lachinayi wina anatulutsa chithunzi cha lamba uja.
Mphepo inatembenuka.
Zala zomwe zija zinayamba kusakasaka
amene anajambula kanema woyamba,
mwana wasukulu wa ku Suwon, akuti,
adiresi yake ikuyenda kale m'mafoni.
Nkhata zinachotsedwa usiku ndi lole ya zinyalala.
Wogulitsa maluwa yekha ndiye sanadandaule.

Kunyumba, Bo-ram, mwana wanga wa zaka khumi ndi zitatu,
amene anang'amba chithunzi chake kukhoma Lolemba
n'kuchimatanso ndi selotepi Lachisanu,
anandifunsa ndikuvula nsapato:
Bambo, inu mumakhala naye tsiku lililonse,
ndi munthu wabwino kapena woipa?

Ndinakhala kaye chete, sokosi imodzi m'manja.
Ndinakumbuka usiku wina pa mlatho wa mtsinje wa Han
akuyimba chapansipansi, osati za pa siteji,
kanyimbo kogonekera mwana, mawu akunjenjemera,
ndipo ndinachepetsa liwiro osauzidwa.
Ndinakumbukanso kachingwe kaja
kakubwerera kukhutu.

Ndinati: mwanangu, ine ndimamuonera pa kagalasi
kopachikidwa pamwamba pa chiwongolero.
Mumakwana maso ndi chipumi basi.
Kukula kwake n'chimodzimodzi foni yakoyo.

Sanakhutire. Anabwerera kuchipinda kwake.
Mzere wa selotepi unadutsa pakati pa nkhope ija,
ndipo ine ndinatchera alamu folo koloko,
poti ndege ya ku Osaka sidikira.